Mabisiketi onenepa a chokoleti choyera ndi zonunkhiritsa: okukutika m'mbali, ofewa pakati

Bisiketi yabwino ya kubekale imadziwika ukainyema pakati. M'mphepete mwake mumakhala mofiirira ndi mouma pang'ono, moti mano amayamba akukuta kaye. Ukalowa mkati umapeza pofewa ndi polemera, pooneka ngati sipanapse koma patapsa ndithu, ndipo zidutswa za chokoleti zimakhala zitafewa osasungunukiratu. Kukoma kwakenso kumabwera motsatizana. Batala ndi shuga wabulauni amayamba, kenako mkaka wa m'chokoleti, sinamoni n'kutsatira, ndipo jinja amafika utameza kale, n'kusiya kamoto pang'ono kukhosi. Kamoto kameneko ndi kamene kamakutumanso m'mbale kukatenga yachiwiri.

Vuto la chokoleti choyera ndi shuga. Mabisiketi a tizidutswa ta chokoleti anayambira ku America cha mu 1938, kwa mayi Ruth Wakefield amene ankayendetsa malo odyera a Toll House Inn ku Whitman, m'chigawo cha Massachusetts. Mayiwa ankathira chokoleti chakuda, chomwe chimawawirako, ndipo kuwawa kumeneko n'kumene kumaletsa shuga kuti asapitirire muyezo. Chokoleti choyera, chomwe kampani ya Nestlé inayamba kugulitsa ku Switzerland mu 1936, sichiwawa n'komwe chifukwa mulibe gawo lakuda la koko. Muli mafuta a koko, mkaka ndi shuga basi, ndipo malamulo a ku America amalola shugayo kufika magawo 55 pa 100 alionse. Ndiye mukangotenga kaphikidwe ka chokoleti chakuda n'kusinthamo choyera, bisiketi imazuna mpaka kukukolani musanaimalize. Ntchito imene kuwawa kuja kukanagwira muyenera kuipereka kwa zonunkhiritsa, mchere ndi batala wofiiritsa.

Yambani ndi chokoleti chenichenicho

Musitolo tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mawu oti cocoa butter, kutanthauza mafuta a koko, akhale pakati pa zinthu zoyamba kutchulidwa. Ku Ulaya ndi ku America, chinthu sichingatchedwe chokoleti choyera ngati mafuta a koko sakufika magawo 20 pa 100. Zambiri zotchipa zomwe amati n'zophikira amazipanga ndi mafuta a kanjedza m'malo mwake. Kusiyana kwake kumamveka pakamwa. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, kutentha kwa thupi kusanakwane, ndiye amangosungunukira palilime. Zinazo zimatsalira kum'kamwa ngati watafuna kandulo. Ndi maso omwe mukhoza kudziwa: chenicheni chimakhala chachikasu pang'ono, chinacho chimayera mbee.

Ine ndimakonda kugula chachibanthu n'kudula ndekha ndi mpeni, kusiyana ndi timadontho topangiratu. Zidutswa zimatuluka zosafanana, zina zazikulu zoti mano azimve, zina nyenyeswa zomwe zimasungunukira mu ufa.

Zofunika pa mabisiketi 12 aakulu

Batala wopanda mchere, magalamu 225
Shuga wabulauni wonyowa, magalamu 180
Shuga woyera, magalamu 60
Mazira aakulu 2
Mkaka, supuni yaikulu 1
Vanila, supuni yaing'ono 1
Ufa wa tirigu wolembedwa cake flour kapena plain flour, magalamu 400
Cornflour (sitachi ya chimanga ya m'paketi, osati ufa wa nsima), supuni yaikulu 1
Soda, magawo atatu mwa anayi a supuni yaing'ono
Baking powder, supuni yaing'ono 1
Mchere wosalala, supuni yaing'ono 1
Sinamoni wogaya, masupuni aang'ono 2
Jinja wouma wogaya, supuni yaing'ono 1 ndi theka
Cardamom, theka la supuni yaing'ono
Nutmeg, kotala ya supuni yaing'ono
Cloves ndi tsabola wakuda, katsinidwe kamodzi chilichonse
Chokoleti choyera, magalamu 280
Mtedza wa makadamiya wokazinga, magalamu 100, ngati mukufuna

Batala akakhala wamchere, chepetsani mchere ndi theka, koma musauchotseretu. Ufa wa self-raising ayi, chifukwa muli kale chotupitsa. Majarini wa chibanthu wophikira akhoza kulowa m'malo mwa batala thumba likapanda kulola, kungoti safiira ngati batala, ndiye mudumpha sitepe yofiiritsa n'kungomusungunulako pang'ono kuti muthiremo zonunkhiritsa. Majarini wofewa wopaka pabuledi ali ndi madzi ambiri, musayerekeze n'komwe.

Pa shuga pali kanthu kena. Shuga wabulauni amene tinazolowera kuthira mu tiyi, wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi wouma, woyoyoka. Amene ophika a ku America amatanthauza ndi wonyowa, woti ukamufinya m'manja amagwirana, chifukwa ali ndi molasesi wambiri, madzi akuda onanda amene amatsala popanga shuga. Molasesi ameneyo ndi amene amasunga chinyezi pakati pa bisiketi, ndipo kuwawasa kwake pang'ono n'kumene kumadzutsa soda. M'masitolo akuluakulu fufuzani wolembedwa soft brown, muscovado kapena treacle sugar. Akasowa, tengani wathu yemweyu, mumusinje pang'ono kuti mibulu yake ichepe, ndipo muthiremo supuni yaikulu imodzi ya molasesi kapena golden syrup. Uchi umathekanso, koma umafiiritsa msanga ndiponso umabwera ndi fungo lakelake.

Makadamiya si achilendo kwathu, amalimidwa ku Thyolo, ku Ntchisi ndi madera ena, ndipo ndi mnzake wakalekale wa chokoleti choyera. Amaonjezera chokukuta pakati pa zofewa. Akazingeni kaye pamoto wochepa mpaka ayambe kununkhira.

Sitepe 1: Batala wofiiritsa ndi zonunkhiritsa

Apa ndi pamene pagona kukoma, ndiye musathamange.

Dulani magalamu 75 pa batala uja muike m'kapoto kowala mkati, koti muziona mtundu ukamasintha. Moto ukhale wapakatikati. Batala asungunuka, achita thovu, kenako ayamba kuthetheka. Kuthetheka kumeneko ndi madzi akutuluka, pakuti batala amakhala ndi madzi magawo pafupifupi 16 pa 100. Muzitakasa osasiya. Phokoso likayamba kuzilala, suzumirani pansi pa thovu: muona timadontho ta mkaka tikusanduka tofiirira, ndipo fungo la mtedza wokazinga likukhudzani mphuno. Phulani nthawi yomweyo n'kukhuthulira m'mbale ina, ndi timadontho tonse, chifukwa mukasiya m'poto wotenthayo tipserera ndipo tiwawa.

Dikirani mphindi imodzi, kenako thirani zonunkhiritsa zonse kupatula vanila mu batala wotenthayo n'kutakasa. Fungo la sinamoni, jinja ndi zinzakezo limakhala m'timafuta take, ndipo timafuta timeneto timasungunukira bwino m'mafuta otentha kusiyana ndi mu ufa wouma. Mukazithira mu ufa zimamveka ndithu, koma zimamvekera pamwamba pokha. Mukazithira mu batala zimafika paliponse pamene batala wafika. Thiraninso supuni ya mkaka ija kubwezera madzi amene atuluka, ndipo siyani zizizire mpaka zilimbe pang'ono.

N'chifukwa chiyani tikufiiritsa gawo limodzi lokha mwa atatu? Batala yense akasungunuka, bisiketi imaphwathalala. Magalamu 150 otsalawo akhale olimba kuti aimike bisiketiyo.

Kunena za zonunkhiritsazo, sizigwira ntchito yofanana. Sinamoni ndiye mwini bwalo. Alipo wa mitundu iwiri: wa ku Sri Lanka, wa makungwa opyapyala ndi fungo lofatsa, ndi wina wotchedwa cassia, wa khungwa lokhuthala ndi fungo lamphamvu. Wogaya wa m'mapaketi nthawi zambiri amakhala wachiwiriyu, ndipo pano ndi amene akufunika chifukwa fungo lake silithawa mu uvuni. Jinja akhale wouma. Wamuwisi ndi wabwino mu tiyi, koma ali ndi madzi ndi ulusi, ndipo ukali wake umafooka akaphikidwa mu ufa. Cardamom ndi amene amapepukitsa mkaka wa m'chokoleti kuti usalemere pakamwa. Mugule wa makoko obiriwira m'masitolo a amwenye, komwe amamutcha elaichi, muswe makoko 6 kapena 8, musinje njere zakudazo nokha. Wogayiratu amataya fungo msanga.

Pa cloves samalani dzanja. Ndi omwe aja amalimidwa kwambiri ku Zanzibar ndi ku Pemba, ndipo anthu amaika padzino likamawawa chifukwa amachititsa dzanzi. Mukachulutsa, lilime limachita dzanzi lomwelo ndipo chokoleti chomwe mwagula modula simuchimvanso. Katsinidwe kamodzi n'kokwanira. Tsabola wakuda musamuope, palibe amene adzamuzindikire. Ntchito yake ndi kutalikitsa kamoto ka jinja kaja.

Ngati muli ndi tea masala m'kabati, supuni yaikulu imodzi ikhoza kulowa m'malo mwa zonsezi kupatula sinamoni, yemwe mumuonjezerabe supuni yaing'ono imodzi. Ndipo botolo lililonse linunkhizeni kaye. Loti lakhala pawindo zaka ziwiri langotsala fumbi.

Sitepe 2: Shuga ndi mazira

Batala wotsala uja akhale wozizira koma wobooleka: mukamudina ndi chala achite kadzenje, chala chisalowe. Mwezi wa Okutobala, makamaka kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire kapena kunyanja, gwirani ntchitoyi m'mamawa, chifukwa batala amayamba kusungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30.

Sakanizani batala wolimbayo, wofiiritsa uja ndi shuga yense. Pamakina ndi mphindi 2 zokha, ndi mthiko mwina 4. Anthu ozolowera keke amapitiriza kumenya mpaka ziyere n'kufufuma, koma pano mpweya wambiri ndi mdani. Umatukumula bisiketi mu uvuni, n'kudzafwa ikamazizira, kapena kuisandutsa kakeke kowofuka. Zikangogwirizana n'kusalala, imani. Thirani vanila, kenako mazira ozizira, limodzilimodzi, mukutakasa mpaka lililonse lilowerere.

Sitepe 3: Ufa

M'mbale ina sefani ufa, cornflour, soda, baking powder ndi mchere. Sefa ndi wofunika chifukwa cha soda: kam'bulu kamodzi kosasweka kamaononga pakamwa pa munthu.

Sikelo ya kukhitchini imathandiza kwambiri pa ufa kuposa pa china chilichonse. Ngati mulibe, tengani kapu ya mamililita 250, muzithiramo ufa ndi supuni osatsindira, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Makapu atatu ndi kangachepe akwana. Mukamatapa ndi kapu m'thumba ufa umatsindirika, ndipo mupeza mwathira wambiri osadziwa.

Khuthulirani ufawo mu zonyowa zija nthawi imodzi n'kumatembenuza ndi mthiko. Pakatsala timizere toyera apo ndi apo, thirani chokoleti ndi mtedza, koma chokoleti chodzadza dzanja limodzi muchipatule. Tembenuzaninso kangapo basi. Uwu si ufa wa mandasi kapena wa buledi woti muukande. Ufa wa tirigu ukanyowa n'kumakandidwa umayamba kutamuka, ndipo bisiketi yake imalimba. Cornflour uja alipo kuti achepetse kutamuka kumeneku, n'chifukwa chake pakati pamatuluka pofewa.

Sitepe 4: Kuumba ndi kugoneka mufiriji

Gawani mitanda 12, uliwonse magalamu pafupifupi 115. Iwoneka yaikulu mopitirira, ndipo n'zimene zikufunika. Bekale ya Levain ya ku New York, yomwe inatsegulidwa mu 1995 ndipo inatchukitsa mabisiketi onenepawa, imaumba a magalamu pafupifupi 170 imodzi. Ukulu umenewu si wongofuna kuopseza maso. Kamtanda kakang'ono kamapsa mofanana ponseponse, pamene waukulu kunja kumafiira moto usanafike bwino pakati, ndiye mumapeza zouma ndi zofewa mu bisiketi imodzi.

Umbani mtanda wautali kupita m'mwamba, osaubulungiza mosalala komanso osauphwatika. Mabampu amenewo ndi amene amadzafiira n'kukukutika. Chidutswa cha chokoleti chikatulukira kunja, makamaka pansi, chikankhireni mkati. Chokoleti choyera sichilimba pamoto ngati chakuda, chikakhudza thireyi chimapserera.

Vindikirani bwino muike mufiriji. Maola 2 ndiye ochepetsetsa, usiku wonse ndiye bwino, ndipo kufikira masiku awiri kukoma kumangoonjezereka. Batala amalimbanso, motero bisiketi imachedwa kufalikira. Ufa umamwa chinyezi cha mazira pang'onopang'ono. Zonunkhiritsa nazo zimakhazikika: mtanda wophikidwa tsiku lomwelo sinamoni amamveka payekha, jinja payekha, koma wogona zonse zimamveka pamodzi. Magetsi akathima usiku, firiji musaitsegule, kuzizira kumakhalamobe kwa maola angapo.

Opanda firiji asagoneke mtanda, muli mazira aawisi. Onjezani masupuni aakulu awiri a ufa, ikani mbale ya mitandayo m'beseni la madzi ozizira kwa ola limodzi, ndipo muphike tsiku lomwelo. Mabisiketi ake aphwathalalako, koma kukoma kulipo.

Sitepe 5: Moto

Yatsani uvuni mphindi 20 musanalowetse kanthu, pa madigiri 190, kapena 175 ngati ndi wa fani. Yalani pepala lophikira pathireyi. Musapake mafuta, amathandiza bisiketi kutsetsereka n'kufalikira. Mitanda ichoke mufiriji kulowa mu uvuni mwachindunji, isanu ndi umodzi pathireyi, motalikirana masentimita 6 kapena kuposa, pashelefu yapakati.

Yambani ndi umodzi wokha woyesera. Uvuni uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo nambala ya madigiri yolembedwa pa uvuniyo nthawi zambiri siikhala yoona.

Pakatha mphindi 8 tembenuzani thireyi, kutsogolo kupite kumbuyo. Kuyambira mphindi 12 musachoke pamenepo. Zizindikiro ndi izi: m'mphepete mwafiirira ndipo mwauma, nsonga za mabampu zagwira mtundu, pamwamba pasiya kunyezimira, koma mukakhudza pakati ndi chala pakadali pofewa zedi. Tulutsani. Mtima ukuuzani kuti sizinapse, muonjezere mphindi ziwiri. Musaumvere. Mphindi ziwiri zimenezo n'zimene zimasandutsa bisiketi ya kubekale kukhala youma gwa ya m'paketi. Thireyi ikadali yotentha, ndiye ipitiriza kuphika pakatipo kunja kwa uvuni. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 12 mpaka 14.

Amene muli kumalo okwera monga ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg, chotupitsa chimagwira ntchito mwamphamvu kumeneko chifukwa mpweya ndi wopepuka. Mukaona woyesera uja watukumuka n'kufwa, ulendo wina chepetsani baking powder ndi theka.

Pambaula zimathekanso, monga mmene timaphikira chigumu, koma pamafunika kusintha pang'ono. Tengani poto wamkulu wokhuthala, muthire mchenga woyera wouma pansi wokwana masentimita awiri kapena atatu, muikepo mbale yachitsulo yosalala. Vindikirani ndi lata n'kuika makala pamwamba, mudikire mphindi 15 kuti mkati mutenthe. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi ochepa oti ayamba kale kuchita phulusa, chifukwa pansi pa bisiketi pali shuga ndi batala zomwe sizichedwa kuda bii. Mitanda ichepe, magalamu 60 kapena 70, ndipo muidinize pang'ono. Muzizunguza poto nthawi ndi nthawi, ndipo povundukula samalani phulusa.

Sitepe 6: Kudikira

Zikangotuluka, dinikizani zidutswa za chokoleti munapatula zija pamwamba pa bisiketi iliyonse. Zifewa ndi kutentha koma zikhala zoyera bwino. Ngati muli ndi mchere wamibulu, usinjeni pang'ono muwaze tim'bulu titatu kapena tinayi pa iliyonse. Kenako zisiyeni pathireyi pomwepo mphindi 15. Mukanyamula msanga zithyoka, pakati pasanagwirane. Zikatero samutsirani pawaya kapena pa lichero kuti pansi pasachite thukuta.

Nthawi yabwino yolawa ndi pakatha mphindi 20 kapena 30, m'mbali mutauma koma chokoleti chikadali chofewa. Mawa lake bisiketi yomweyo imakhala yasintha. M'mbali mumafewako, pakati pamatafunika kwambiri, ndipo zonunkhiritsa zimamveka mwamphamvu kuposa dzulo. Alipo ambiri amene amakonda ya mawa lakeyi. Chomwera chake chikhale tiyi wopanda shuga kapena khofi wakuda wa ku Mzuzu. Tiyi wamkaka wa masupuni atatu a shuga afafaniza ntchito yonse ya jinja uja.

Zikapanda kutuluka mmene mumafunira

Zikaphwathalala n'kuchita mafuta m'mbali, ndiye kuti batala anali wofewa kwambiri, mtanda sunazizire mokwanira, kapena munaika pathireyi yomwe inali ikadali yotentha. Zikakhala mbulumbulu osafalikira n'komwe, ufa unachuluka. Otsalawo aphwatikeni pang'ono ndi chikhatho musanalowetse. Zowofuka ngati keke zimachokera ku kumenya batala nthawi yaitali. Kakomedwe ka sopo ndi soda wochuluka kapena wosasefa.

Zikazunabe kwambiri, musathamangire kuchotsa shuga wambiri, chifukwa shuga ndi amenenso amafewetsa bisiketi ndi kuifiiritsa. Mukamuchotsa wambiri itumbuluka n'kuuma. Yambani mwaonjezera kotala ya supuni yaing'ono ya mchere ndi theka la supuni ya jinja. Zikakanikabe, chepetsani chokoleti kufika magalamu 220 n'kuonjezera mtedza.

M'chitini chotseka bwino zimakhala masiku atatu kapena anayi. Kachidutswa ka buledi mukaika momwemo kamathandiza kuti zisaume. Nyengo ya mvula chinyezi chimafewetsa m'mbali msanga, ndiye zibwezereni mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi 4 kapena 5. Mitanda yosaphika imasungika mufiriza miyezi iwiri kapena itatu, ndipo pophika simufunika kuisungunula, mungoonjezera mphindi 2 kapena 3. Ngati mukuphikira malonda, njira ya firiza ndi imene imapindulitsa: mumaumba kamodzi pa sabata n'kumaphika m'mawa uliwonse zokwanira tsiku limenelo. Musamange m'pulasitiki zisanazizire kotheratu, chifukwa nthunzi ifewetsa m'mbali ndipo chokoleti cha pamwamba chimatirira kupepala musanafike kwa kasitomala.